Miyala ya pa Bwalo la Njinga

Loweruka, 6 Okutobala 1934

Mpikisano woyamba wa njinga pa esiteti yathu. Obwera: asanu ndi mmodzi, kuwerengera ndi mbuzi ziwiri za kapitawo Blackson.

Miyezi itatu ndikulambula bwalolo ndekha. Kuzula zitsa za khofi wakale, kukwirira mauna, kupondaponda dothi. Njira yozungulira, yosalala, yokwera pang'ono pa mtengo wa kachere. Lero ndinanyamula tebulo la ku sikelo pamutu. Buku latsopano lolembamo okwera, inki, cholembera. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinaimba chitsulo cha pa fakitale kuti anthu amve.

Anamva ndithu. Ndinawaona kumtunda, m'mizere ya tiyi, mitu ikusuzumira ngati nkhwali. Wotsika kudzalembetsa panalibe. Mmodzi anafika mpaka pa kachere, koma ataona ndikutsegula buku anabwerera chothamanga. Liwiro lokhalo limene bwalo langa laona lero.

Tebulo ndabweza. Khosi likupweteka. Malemu mkazi wanga Esnat akanakhalapo bwenzi ataseka mpaka kugwira nthiti, kenako n'kundithirira madzi osamba.

Lolemba, 8 Okutobala

Bwana Kaliwo anandiitana ku ofesi. Kaliwo ali kukamwa monga mwa masiku onse, Chinyanja chawo chothyokathyoka chikutuluka pamodzi ndi utsi. "Iwe kalaliki, ine ona bwalo lako. Mbuzi ziwiri." Mawu awo ndi awa: Loweruka loyamba la Novembala ndiwapatse pepala la maina makumi awiri a anthu okwera njinga. Popanda mainawo, mvula ikangogwa abzalapo tiyi. Mbande zakula kale ku nazale, zikungodikira malo.

Si munthu woipa. Matabwa a bokosi la Esnat anapereka ndi iwo. Koma dothi lopanda tiyi limawayabwa m'maso.

Sindinawauze chifukwa chake ndimakakamira malo amenewo. Angamve bwanji? Pamenepo ndi pamene ndinaphunzitsira Esnat kupalasa, chaka cha 1926, masana a Lamulungu anthu ali ku mowa. Nsalu ataikwinya m'miyendo, mlomo atauluma. "Musandisiye, bambo, musandisiye!" Chonsecho ndinali nditamusiya kalekale, akupita yekha. Atazindikira anagwa, pa kachere pomwepo. Chifuwa chinamutenga zaka ziwiri zapitazo. Njinga ili pa denga chiyambire, bondo langa silifunanso kupinda.

Ndinaona azungu akuthamangitsa akavalo awo ku kilabu, ife titaima kunja kwa waya. Ndinkafuna malo amodzi okha pamene munthu wa kuno angathamange popanda womuthamangitsa.

Lachinayi, 11 Okutobala

Zikalata zitatu ndakhoma. Pa bulugama wa ku sikelo, pa siteshoni ya Luchenza, pa khomo la sitolo ya Mmwenye. Cha ku sikelo wina wang'ambako kale, mwina wapichirira fodya. Owerenga ndi angati kuno? Nzeru za kalaliki.

Njinga pa esiteti yonse zilipo khumi ndi imodzi. Akapitawo, aphunzitsi, telala, khukhi wa bwana. Ndayenda nyumba ndi nyumba. Onse ulemu wambiri, mpando, madzi akumwa, yankho limodzi.

A Blackson yawo ndi yatsopano, yakuda bii, yonyezimira. Amaifunditsa nsalu. Akafika pa mtsinje amainyamula paphewa, pa matope amainyamula, pa fumbi amainyamulanso. Sindikudziwa kuti wokwera mnzake ndani pa awiriwa. Anandiyankha kuti, "A kalaliki, njinga si galu wosakira agwape."

Ndiye zili chonchi. Okhala ndi njinga akuopa fumbi. Okhala ndi miyendo alibe njinga. Pakati pawo pali ine ndi buku lopanda dzina ndi limodzi lomwe.

Kutentha koopsa. Tiyi wafota nsonga, madengu akubwera opepuka.

Lamulungu, 14 Okutobala

Potuluka m'tchalitchi anabwera alamu anga a Alesi, mng'ono wake wa Esnat, amene amatsogolera nyimbo pa gulu la amayi othyola tiyi. Anabweretsa kalongonda m'kambale. Anakhala pa khonde, miyendo tambalale, osandiyang'ana.

"Alamu, sukulu inakutsegulani mutu n'kukutsekani maso."

Ndinafunsa kuti ndalakwanji. Anawerenga ndi zala. "Tebulo. Buku. Chitsulo. Chinangosowa ndi chisoti chofiira cha mesenjala wa Boma."

Manyazi anandigwira ngati malungo. Anthu athu ambiri pano ndi Alomwe, anaoloka kuchokera kwa Apwitikizi. Kumeneko dzina likalowa m'buku, m'mawa mwake chingwe m'chiuno, ulendo wokakumba msewu. Kuno dzina likalowa m'buku, ndiye msonkho kapena thangata. Chitsulo chija chimalira poitanira ku ntchito basi. Ine n'kuchiimba Loweruka masana, nditakhala pa tebulo, cholembera m'manja, n'kumadabwa kuti anthu akubisala m'tiyi!

A Alesi anatinso, "Maina amene mumaitana ku sikelo aja, theka ndi obwereka. Enieniwo anthu anawasiya m'thumba."

Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndikulemba maina pa sikelo. Mkazi wanga anali Mlomwe. Ndipo ndakumbuka tsopano: dzina lake la paubwana Esnat anandiuza titatha zaka zitatu m'banja, monong'ona, titatseka chitseko. Ndinkayesa ndi manyazi a chikazi.

Kalongonda anali wokoma. Sindinamalize.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Njinga ndaitsitsa pa denga. Akangaude, dzimbiri pa tcheni, matayala aphwa. Fabiano wa ku makina a fakitale wandithandiza: mafuta pang'ono, zigamba ziwiri pa chubu. Belu likulirabe ngati kale.

Titaweruka ndinaikankha mpaka ku bwalo. Tebulo ayi, buku ayi. Ndinaiyedzamiritsa pa kachere, ine n'kukhala pansi chofulatira, ngati ndikuyang'ana phiri la Mulanje.

Panapita nthawi. Kenako mapazi. Anali Bizwick, amene amasenza nkhuni za ng'anjo ya fakitale, munthu wamkulu ndithu, wa ana anayi, miyendo ngati mitondo. Anatula chipika. Anaizungulira njinga kawiri. "Imaluma?" Ndinati iyayi, imangogwetsa. Anayang'ana m'manja mwanga. "Simulemba?" Ndinatambasula manja onse awiri, ndinapindanso matumba a malaya kuti aone.

Anakwera. Anagwa. Anakwera, anagwa. Kachisanu anayenda mapazi khumi akukuwa m'Chilomwe, n'kukalowa m'tchire. Anatuluka ndi chisoso thupi lonse, mano onse pamtunda.

M'mizere ya tiyi munamveka kuseka. Sindinacheuke. Mbalame ikamayandikira msampha wopanda ulimbo, suiyang'ana.

Lachisanu, 19 Okutobala

Lachitatu ophunzira atatu. Dzulo asanu ndi awiri. Lero sindinathe kuwerenga bwino chifukwa amalimbirana. Njinga imodzi, anthu mzere. Chubu chakutsogolo chatheratu, Fabiano wapakira udzu wouma m'tayala. Ikuyenda molimba ngati ngolo, koma ikuyenda. Amayi a gulu la a Alesi ayamba kukhala pa mthunzi ndi thobwa, akupereka maina kwa ogwa. Wina ndi Mpsompsona-dothi. Wina Ndege ya Tchire.

Ndinapita kwa bwana kukapempha kuti za pepala zileke, angobwera adzaone ndi maso. Anagogoda kaliwo pa tebulo. "Pepala kapena tiyi."

Ndilembe zoona, poti buku ili ndi langa. Nditafika kunyumba ndinatenga pepala. Onsewo ndimawadziwa, ndimawaitana tsiku ndi tsiku pa sikelo. Ndani angadziwe? Ndinalemba Bizwick. Ndinalemba ena awiri. Kenako ndinaona manja anga, omwe aja ndinatambasula pa kachere.

Pepalalo ndasonkhezera moto wa tiyi. Tiyi wake anali wowawa.

Masabata awiri atsala. Njira ndilibe.

Lolemba, 22 Okutobala

Nzeru yabwera ndi kugwa kwa munthu.

Bizwick tsopano akuzungulira bwalo lonse, koma pokhota pa kachere amadula kwambiri, n'kugwera m'kati. Lero atagwa anatola mwala, n'kuukhazika pamalopo. "Apa ndi panga, wina asagwerepo." Anzake kuseka. Aliyense n'kuyamba kufuna mwala woika pamene iye anagwera. Posakhalitsa m'mphepete mwa njira munali miyala khumi ndi iwiri, mwini aliyense akuudziwa wake.

A Alesi anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Anayamba ndi iwo. "Alamu, buku lanu ndi limenelo. Mesenjala sangaliwerenge."

Tapangana chonchi. Aliyense wobwera kudzaonerera abwere ndi mwala umodzi wa ku mtsinje, auike m'mphepete mwa njira. Amene wazungulira bwalo kamodzi osatsika, mwala wake upakidwe njereza. Njereza yotsala pokonza makoma a fakitale ilipo theka la chitini, Fabiano wapempha kwa mzungu wa makina ndipo wapatsidwa.

Miyala yoyera lero: inayi. Woyamba wa Bizwick. Anaupaka ndi chala, mosamala ngati akudzoza mwana.

Ndabwera kunyumba ndikuimba nyimbo ya ku Mishoni imene ndinaiiwala kalekale.

Lachisanu, 26 Okutobala

Kwa bwana kachiwiri. Ndinafotokoza za miyala. Anati, "Mwala alibe dzina." Ndinayankha kuti inde bwana, koma suthawa, ndipo sunama. Anachotsa kaliwo kukamwa, chinthu chimene ndachiona kawiri kokha moyo wanga wonse. Anaseka. "Makumi awiri oyera. Ine werenga ndekha." Komabe madzulo ano ndapeza anyamata a ku nazale akhoma kale zikhomo kumunsi kwa bwalo, chingwe chitakokedwa, mizere ya tiyi itayezedwa. Sakhulupirira.

Yoyera khumi ndi umodzi. Vuto ndi njinga. Imodzi singaphunzitse anthu onsewa, ndipo mpikisano wa njinga imodzi ndi mpikisano wanji?

A Alesi ati ndiwasiyire. Lero m'munda amayi atulutsa nyimbo yatsopano, ikuyenda ndi manja pothyola masamba:

Njinga ya a Blackson yabereka liti?
Miyezi isanu ili m'chikuta.
Titengereni ufa tikaone mwana,
mwina watenga mphuno ya bambo.

A Blackson anali pomwepo ndi ndodo yawo ya ukapitawo. Anayesa kukalipa, mawu anamira m'nyimbo. Pofika masana magulu onse anayi anali akuimba, mpaka ku sikelo. Ine ndinaweramira pa buku kuti asaone mapewa anga akugwedezeka.

Mitambo pa Mulanje. Ichedweko pang'ono, Ambuye.

Lachinayi, 1 Novembala

Masiku asanu osalemba. Ndimafika nditatopa, fumbi mpaka m'makutu.

Njinga yatuluka m'chikuta! Lolemba a Blackson anabwera nayo ku bwalo ataivula nsalu, amayi n'kuyamba nthungululu ngati kwabadwadi mwana. Anati sakwera okha, ulemu wawo sulola. Ndinakumbuka za ku kilabu: mwini kavalo amakhala pa mpando atavala chipewa, wothamanga ndi wina, koma lotchulidwa ndi dzina la mwini. Nditawauza maso anawala. "Ndiye muzikuwa kuti ya a Blackson ili patsogolo?" Ndinati mpaka ku Luchenza akamve.

Zodabwitsa za anthu. Ena dzina amalibisa, ena amafuna likuwidwe pa phiri. Bwalo limodzi liyenera kusunga onse.

Telala atamva anabweretsa yake. Aphunzitsi yawo. Khukhi wa bwana yake, mobisa. Tsopano zilipo zisanu ndi ziwiri. Eni ake takonza kuti adzakhale pa benchi la ku tchalitchi, pa mthunzi.

Chitsulo sichidzalira. Fabiano walankhula ndi anzake a ng'oma za tchopa, ndiwo adzaitane anthu. Odziwa kale kupalasa adzayambira kumbuyo, theka la bwalo, kuti ophunzira asataye mtima. Mphoto: mtanda wa sopo, kathumba ka mchere, ndi belu la njinga yanga. Belulo ndaganiza nthawi yaitali. Esnat ankaliimba popanda chifukwa, ngakhale pa njira yopanda munthu. Lipite. Belu la pa denga ndi lachabe.

Yoyera khumi ndi isanu ndi iwiri. Itatu yatsala.

Loweruka, 3 Novembala

Ndilembe zonse zisanathawe.

Ng'oma zinayamba masana. Ndinaima pa kachere manja lendee, opanda kanthu. Poyamba ana. Kenako amayi, aliyense mwala pamutu ngati mtsuko. Kenako anatsika m'mizere yonse ya tiyi, ochokera ku midzi ya kuseri kwa phiri, ena mpaka a ku Luchenza. Phokoso la miyala poikhazika, go, go, go, osaleka. Mzere unazungulira bwalo lonse n'kuyambanso wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Yoyera inali khumi ndi isanu ndi itatu pamene a Alesi anakwinya nsalu m'miyendo. Ndinaganiza kuti akufuna kuvina. Anagwira njinga yanga. Amuna ena anayamba kung'ung'udza. Anakwera, n'kuzungulira bwalo lonse, msana chilili, mlomo atauluma, belu ngiri ngiri pa njira yopanda munthu. Amayi anakuwa mpaka mbalame kuthawa m'kachere. Atatsika anandiuza chapansipansi, "Achemwali anandiphunzitsa, inu muli ku sikelo. Anati ndisakuuzeni, mungadandaule za matayala." Ndinatembenukira ku mtengo. Fumbi linandilowa m'maso, ndinatero kwa ondifunsa.

Kenako ng'oma zinaleka mwadzidzidzi.

Pa msewu panali chisoti chofiira. Mesenjala wa Boma, Peterson, pa njinga yake. Amene amabwera kudzafunsa makalata a msonkho. Bwalo lonse zii. Kumbuyo anthu anayamba kusefukira m'tiyi mmodzimmodzi. Ndinaona Bizwick akuyang'ana njira ya ku mtsinje. Iye kalata alibe, ndikudziwa. Mtima wanga unati zatha, ndawasonkhanitsira mkango ndi manja anga.

Ndinapita kukakumana naye, bondo likukana. Ndinamuuza kuti pano palibe buku, wolowa amaika mwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana anthu. Anavula chisoti, n'kuchipachika pa nthambi ya kachere. Anatola mwala m'mbali mwa msewu. Mawu ake anamveka bwalo lonse: "Boma ndalipachika apo. Ine ndamva kuti kuno kuli anthu onama kuti amatha njinga."

Woyamba kuseka anali a Blackson, pa benchi. Ng'oma zinabwerera. Obisala anatuluka m'tiyi akudzikuntha masamba.

Mipikisano ing'onoing'ono itatu ya ophunzira. Ogwa ambiri, wovulala palibe, kupatula chala cha telala. Miyala yoyera ikungowonjezeka. Kenako waukulu, kuzungulira kasanu. Bizwick pa njinga yanga ya udzu m'tayala. Mwana wa mlongo wawo wa a Blackson pa yakuda ija. Ena anayi. Peterson kumbuyo, theka la bwalo.

Kuzungulira koyamba, mesenjala anadutsa awiri. Kwachiwiri, ena awiri. Amapalasa mokongola munthuyo, ngati madzi. Kwachitatu ya a Blackson inali patsogolo, ndipo ndinakuwa monga ndinalonjezera, iwo ataimirira pa benchi, chipewa m'mwamba, ulemu wonse ataiwala. Kwachinayi inatopa pa chikweza. Anatsala awiri. Bizwick patsogolo, njinga ikugwedezeka uku ndi uku, Peterson akumuyandikira.

Pamenepo anthu anazindikira chimene akuona. Ndani pano sanathawepo mesenjala? M'chimanga, m'tiyi, pa mtsinje, mtima uli m'kamwa. Lero munthu akuthawa mesenjala masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa onse. Mayi wina wokalamba anakuwa, "Thawa, mwananga, thawa!" Bwalo lonse linalandira. Thawa! Thawa! Ena akuseka, ena misozi ili mbwembwembwe, ng'oma zikung'ambika.

Pa chikweza cha kachere tayala la mesenjala linafika pa kaliyala. Koma miyendo yosenza zipika zaka khumi siidziwa chikweza. Bizwick anaimirira pa zopalasira. Pokhota, pa mwala wake uja, sanadule. Anadutsa bwinobwino. Anafika pa chingwe patsogolo ndi utali wa njinga imodzi, ndipo poti kuima sanaphunzire bwino, anapitirira mpaka m'gulu la amayi, thobwa n'kutayika.

Anamunyamula m'mwamba. Peterson anabwera akupuma ngati ng'ombe, anamugwira chanza. "Aka n'koyamba munthu kundithawa ine n'kumuyamika. Mwezi wamawa ndiyambira pamodzi ndi iwe." Chisoti anachitenga pochoka, koma sanachivale mpaka atafika pa msewu. Ndinaona.

Belu ndinamasula ndekha. Bizwick analiimba kamodzi, n'kulikulunga m'malaya.

Mawu andithera. Ndadya nthochi ziwiri basi. Sindikumva njala.

Lolemba, 5 Novembala

M'mawa bwana anatsikira ku bwalo, ine pambuyo. Loweruka anali ku kilabu, koma akuti ng'oma anazimva ali komweko. Anaima, n'kuyang'ana mpanda wa miyala wofika m'akakolo, malo ena m'mawondo. Anayamba kuyenda, akuloza yoyera ndi kaliwo. Ndinkawerenga nawo mumtima ngakhale ndinali nditawerenga kale kanayi.

Makumi awiri ndi isanu ndi umodzi.

Anayesa kukankha umodzi ndi nsapato. Anayang'ana zikhomo zawo, zambiri zitapondedwa, chingwe ana atatenga kale. "Kuchotsa miyala yonse iyi, anthu angati, masiku angati?" Ndinati ambiri, bwana, ndipo adzagwira mochedwa. Anandiyang'ana cham'mbali. Anati mbande zipita ku chitunda cha kuseri kwa nazale. Bwalo likhale. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse.

Anafunsa kuti anapambana ndani. Ndinati munthu wa nkhuni. Anadikira dzina. Ine ndinayang'ana Mulanje. Anangoti, "Hm," n'kubwezera kaliwo kukamwa.

Atachoka ndinatsala. Ndinali ndi mwala m'thumba chiyambire Loweruka, wosalala, wa ku mtsinje kumene Esnat ankachapa. Njereza inatsala pansi pa chitini. Woyamba kuzungulira bwalo lino osatsika anali iye, lisanakhale bwalo. Ndauika pa kachere.

Makumi awiri ndi isanu ndi iwiri.

Lachitatu, 14 Novembala

Mvula yoyamba. Fungo la dothi mpaka m'nyumba. Tiyi aphuka sabata ino, madengu alemera. Amayi adutsa ndi mbande pamutu, kulowera kuseri kwa nazale. Ndinaima pakhomo kuwaonerera mpaka womaliza.

A Blackson akuti akuphunzira kukhota mothamanga kuseri kwa nyumba yawo, poganiza kuti palibe akuwaona. Telala akufuna kusoka malamba a mitundu ya magulu. Anthu a esiteti ya kutsidya atumiza mawu, akufuna kubwera ndi njinga zinayi mwezi wamawa. Njereza ina yasukuluka ndi mvula. Tidzapakanso.

Titaweruka kunabwera Bizwick, atanyowa, belu lili m'khosi pa chingwe. Anakana mpando. Anayang'ana pa tebulo. "Limeneli ndi la sikelo?" Ndinati ayi, ili ndi langa, salitsegula munthu wina, ndimangolankhula nalo. Anafunsa ngati za Loweruka lija zilimo. Ndinati zilimo. "Mwalemba kuti anapambana ndani?" Ndinati Bizwick.

Anapukusa mutu, madzi akudontha pa mkeka.

"Bizwick ndi dzina la munthu wina, anafera pa msewu kwa Apwitikizi, ine ndinangolitola. Amene uja sanakwerepo njinga. Njereza imachoka ndi mvula, a kalaliki. Lembani lenileni, ana anga adzalipeze."

Ndinafunsa kawiri ngati watsimikiza. Anatseka chitseko yekha. Ananena monong'ona, ndipo ndikulemba iye ali pano, akuyang'ana dzanja langa:

Mulipa, mwana wa Namacha, wa ku phiri la Namuli. Anapambana mpikisano wa njinga, Loweruka, 3 Novembala 1934. Mesenjala sanamupeze.

Wafunsa kuti dzinalo likuyambira pati. Ndamuonetsa. Waikapo chala inki isanaume, chilembo choyamba chafufutika pang'ono. Ndachisiya choncho.

Akuti panja pali ena atatu, a miyala yoyera, aima pansi pa bulugama. Mvula ikuwanyowetsa. Inki yatsala pang'ono, koma ndikathiramo timadzi ikwanira maina awo enieni.